Mina Wylie sanathere pa mendulo

Akonzi,

Ndipatseniko kampata. Tsamba lanu la masewero likamakamba za akatswiri, nkhani imathera pa zikho ndi mamendulo. Ine ndikufuna nditchule mayi wina wa ku Australia, katswiri wosambira Mina Wylie, amene ndimamulemekeza chifukwa cha zimene anachita mendulo itagona kale m'kabati.

Anabadwa mu 1891 ku Sydney. Bambo ake, Henry Wylie, ndiwo anamanga dziwe losambiramo pamiyala ya m'mbali mwa nyanja ku Coogee, dera la mu Sydney momwemo, mu 1907, ndipo mpaka lero limatchedwa Wylie's Baths. Mtsikanayu madzi anawazolowera ngati mwana wa msodzi.

Mu 1912, pa Olimpiki ya ku Stockholm, akazi analoledwa koyamba kupikisana pa kusambira. Koma bungwe la amayi osambira ku New South Wales, chigawo chomwe kuli Sydney, linali ndi lamulo loti mkazi asapikisane amuna akuonerera. Taonani, omutsekereza Mina anali amayi anzake! Anthu anadandaula, anasonkha ndalama, mpaka iye ndi mnzake Fanny Durack ananyamuka. Pa mamita 100 Durack anatenga golide, Mina siliva.

Ambiri amatsekera pamenepa. Komatu kuyambira 1928 mpaka 1970 mayiyu ankaphunzitsa atsikana kusambira pasukulu ya Presbyterian Ladies' College ku Pymble. Zaka 42! Ine ndinagwira choko zaka 30 ndipo msana ukundikumbutsabe.

Amene sanaphunzitsepo mwana kusambira sangamvetse. Ndinayesa ndi mdzukulu wanga kuno kunyanja. Umaika dzanja pansi pa kamimba kake, ukuti "tambasula miyendo", iye wakukakamira pakhosi, zikhadabo zalowa. Wamwa madzi, watsokomola, akulira kuti agogo mukundipha. Mawa mwayambiranso pomwepo. Tsiku lina umachotsa dzanja mwakachetechete, iye osadziwa, akungopita yekha. Zinanditengera milungu itatu pa mwana mmodzi. Nanga Mina, atsikana atsopano chaka ndi chaka?

Ine ndinakula tikutsuka mbale madzi akulekeza m'mawondo, alongo athu akudumphira kwakuya. Palibe anatiletsa ndi lamulo, koma palibenso anatiphunzitsa. Ndinadzaphunzira ndili ndi ana kale.

Mina anamwalira mu 1984. Chonde akonzi, tumizani mtolankhani wanu akafufuze amene akuphunzitsa ana aakazi kusambira m'madoko athu, atilembere mayina awo.

Mphunzitsi wopuma,
Nkhotakota