Lipoti la msonkhano wa ku Lilongwe, ndi nkhani ya peji yathu ya Facebook ija

Amayi a cheya, akomiti ndi mamembala nonse a gulu lathu lopanga chiponde, ndabwerako bwino ku Lilongwe komwe munandituma. Malisiti a minibasi ya Mchinji kupita ndi kubwera komanso a kogona ndapereka kale kwa a msungichuma, alawansi inakwanira ndendende palibe chenje, mitengo ya mtauni mukuidziwa nokha.

Tsiku loyamba m'mawa kunali za kulembetsa bizinesi ndi misonkho ya MRA, zomwe zija tinamva kale. Kenako za satifiketi ya MBS, bungwe loona za ubwino wa katundu, mapepala ake ndabwera nawo tidzaonera limodzi. Koma chomwe ndikuti ndalama yanu sinapite pachabe ndi gawo la masana, lokamba ngati kuli bwino kulipira munthu wotchipa kuti aziyendetsa Facebook ya bizinesi kapena kumapanga wekha.

Ophunzitsa anatiuza za masayiti ngati Fiverr ndi Upwork komwe umapeza anthu akunja oti akupangire mapositi, eti Fiverr inatchuka poti ntchito zinkayambira pa madola 5 basi. Pomva zimakoma, koma malipiro ake ndi a madola kudzera pa khadi ya ku banki, ndiye chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 zotchipazo sizotchipanso, osanena za kusowa kwa forex. Komanso munthu ali kutali uko Chichewa sachidziwa, sadziwa kuti kuno anthu amakhala ndi ndalama akakolola nkugulitsa, mu January kumakhala kouma. Anatiwonetsa peji ina ya ma follower zikwizikwi ogula, mayina onse achilendo, pansi pa positi palibe ndi mmodzi yemwe wofunsa kuti zingati.

Amene anandigwira mtima ndi mayi wina wa ku Mzuzu wogulitsa uchi. Anatulutsa kafoni kake kagalasi losweka pakona nkutiwonetsa WhatsApp Business, muli katalogi, botolo lililonse ndi mtengo wake. Chithunzi amajambula yekha panja m'mawa, botolo lili m'manja, ming'oma ikuoneka kumbuyo. Tili chikhalire pomwepo oda inalowa, anayankha nthawi yomweyo, ndalama nkulowa pa Airtel Money ife tikuona. Anati makasitomala amafuna aone dzanja la mwini wake.

Apa ndinakumbuka zakwathu ndipo mundikhululukire ndinene. Mnyamata amene timamulipira mwezi ndi mwezi uja anaika pa peji yathu chithunzi cha chiponde cha kunja chotenga pa intaneti, botolo losakhala lathu, lebulo yachizungu. Mayi wa golosale ku Area 25 anafunsa mtengo wa katoni, anadikira masiku anayi osayankhidwa mpaka anakagula kwina. Nditadandaula pa msonkhano wathu ndinauzidwa kuti tizisiye kaye poti ndi mwana wa mnzathu. Ine mwanayo sindidana naye, koma peji anatsegulira pa akaunti yake, admin ndi iye yekha, mawa atasamukira ku Johannesburg makasitomala onse tawataya. Nanga foni ya gulu yomwe tinasonkherana ija ikugona kwa ndani? Miyezi yapita sindinaionepo.

Pamapeto ambiri anagwirizana zoti kulemba munthu sikolakwika bola pakhale pangano lolemba ndipo eni bizinesi akhale ndi ulamuliro wonse wa peji. Anatiwonetsa mu Meta Business Suite, pulogalamu yoyendetsera peji ya Facebook, momwe umamupatsira munthu mpata woti azingoika mapositi osamupatsa pasiwedi yako. Ine ndinavomera nawo koma kwa ife ndikuona kuti ngakhale zimenezo zachuluka. Tilipire katswiri kamodzi kokha atikonzere lebulo ndi zithunzi zabwino zingapo, za tsiku ndi tsiku tizipanga tokha. Ndikudziwa ena munena kuti nthawi ilibe, kusankha mtedza, kukazinga, kugaya, kenako foni. Zoona, koma tilipo ambiri, awiri atamasinthana sabata ndi sabata sizingatikanike, ndipo ndalama ya mnyamata ija ingagule bandulo nkutsalako. Amene amadziwa kuti mtedza wa sabata ino ndi wa mtundu wa CG7 komanso kuti mabotolo atsala angati ndi ife, osati munthu woti aziyamba watiimbira kasitomala akudikira.

Tsiku lachiwiri kunali za ngongole ndi kutsekera msonkhano, palibe chachilendo.

Pempho langa amayi a cheya, Loweruka nkhaniyi ikhale yoyamba, foni ya gulu ibwere, mnyamatayo aitanidwe mwaulemu adzaike a sekilitale ndi inuyo ngati ma admin tonse tikuona. Ine ndibwera ndi kope langa ndikuwonetseni momwe katalogi amapangira.