Kwa Nachisale, ku London

Mnzanga Nachisale,

Uthenga wako ndauona Lachiwiri nditangotsika tekisi. Ati milungu itatu osapita kukwaya chifukwa cha kuzizira? Iwe amene kumudzi unkatidzutsa ndi nyimbo tambala asanalire! Amake Tadala aseka mpaka kukhala pansi.

Sabata yatha ndinawaperekeza kukaona alamu awo ku chipatala cha Charlotte Maxeke ku Johannesburg. Pobwerera ndinati ndimudziwe mwini dzinali, ndipo usiku umenewo ndinagona mochedwa. Mayiyu akadali mtsikana, akutchedwa Charlotte Manye, anali m'kwaya ya anthu akuda imene inachoka kuno ku South Africa mu 1891 kukayimba ku Britain, limodzi ndi mng'ono wake Katie. Ankati ndalama zikapezeka amanga sukulu ya ntchito zamanja. Anayimbira Mfumukazi Victoria kunyumba yake ya Osborne House. Koma thumba linali m'manja mwa azungu awiri, Letty ndi Balmer, ndipo Paul Xiniwe, mphunzitsi amene anaphunzira ku sukulu ya mishoni ya Lovedale, anakangana nawo pa zandalama mpaka anabwerera kwawo ulendo usanathe. Ganiza kudyera mbale imodzi ndi munthu amene simukuyankhulana, madzulo n'kuimanso naye mzere umodzi, mawu anu n'kumagwirizana.

Chimene chikundisowetsa mtendere ndi zikopa. Anthu ophunzira, Akhristu, nyimbo zina ankaziyimba atavala zikopa ndi mikanda kuti azungu adzaze holo, zina atavala madiresi ndi masuti. M'gululi munalinso tianyamata tiwiri, Albert Jonas ndi John Xiniwe. Ndaona chithunzi chawo chojambulidwa ku London komweko, akusewera ndi kamera, wina ngati akujambula mnzake. Iwe ukulira kuzizira uli ndi jekete. Nanga iwowo? Akamatsokomola usiku ankawafunditsa ndani? Akuluakulu ali pa mkangano wa malipiro, ndani ankaona ngati anawo adya? Ndadzuka kawiri usiku kukamufunditsa Chisomo ngakhale kuno kukutentha. Wako uja umamuveka zokwanira? Undiuze zoona.

Kwathu kukwaya zinthu sizili bwino. Ndalama za basi ya ku Durban zaperewera, ndipo msungichuma akuti kope linanyowa ndi mvula. Nachisale, kope lokhala m'chikwama? A Phiri apereka vesi yanga ija kwa mdzukulu wawo, mwana woti mpweya umamuthera pakati pa mzere. Sindinayankhe, koma pakhosi panandiwawa mpaka kunyumba. Nsalu za yunifomu nazo zabwera zofiirira pamene tinagwirizana zobiriwira. Paja Esinati wabereka mapasa, onse ali bwino.

Charlotte uja anapitanso ndi kwaya ku America, nakaphunzira ku yunivesite ya Wilberforce mpaka kutenga digiri. Ndimafuna ndikuuzenso za Katie, koma magetsi angozima ndipo foni yatsala pang'ono kuthima. Za nsapato zija usatumize kaye.

Ndine wako,
Nabanda