Aneni a Chingerezi onena za ulemu asamasokonezedwe

Akonzi,

Ndalemba kalatayi pofuna kudandaula za chizolowezi cha olemba ndi omasulira nkhani ambiri chotenga aneni a Chingerezi monga "respect", "honour", "revere", "venerate" ndi "dignify" ngati kuti tanthauzo lawo ndi limodzi, chabe chifukwa chakuti onsewa tingawamasulire kuti kulemekeza.

Mneni "respect" amanena za ulemu wa mumtima ndi wa m'makhalidwe, umene munthu angaupereke ngakhale kwa mdani wake kapena ku lamulo limene sakugwirizana nalo. Koma "honour" amafuna kuti pachitike chinthu chooneka ndi maso, monga boma kupatsa msilikali mendulo kapena yunivesite kupatsa munthu digiri yaulemu. N'chifukwa chake mneni yemweyu amagwiranso ntchito pa kusunga pangano, ndipo banki ikalipira ndalama zolembedwa pa cheke, Angerezi amagwiritsa ntchito "honour", ngakhale kuti palibe amene wagwadira pepalalo.

"Revere" anachokera ku liwu la Chilatini lotanthauza kuopa, choncho ndi ulemu wosakanikirana ndi mantha, woyenera munthu amene anthu amamuona kuti ali pamwamba kwambiri. Kumugwiritsa ntchito pa mkulu aliyense wa pantchito n'kukokomeza.

Pamene pafunika kusamala kwambiri ndi pakati pa "venerate" ndi "worship", amene amatanthauza kupembedza. Msonkhano wa mabishopu umene unachitikira mumzinda wa Nicaea (m'dziko limene lero ndi Turkey) m'chaka cha 787 unagamula kuti zithunzi zopatulika zizipatsidwa ulemu, koma kupembedza n'kwa Mulungu yekha, ndipo mpaka lero Akatolika ndi a mpingo wa Orthodox amagwiritsa ntchito "venerate" ponena za oyera mtima. Mtolankhani amene walemba "worship" pamenepa wawanenera anthuwo chinthu chimene iwo eni amachikana. Chodabwitsa n'chakuti kalelo "worship" ankangotanthauza kuzindikira kufunika kwa munthu, ndipo n'chifukwa chake meya amatchulidwabe kuti "His Worship" popanda wina kuganiza kuti akupembedzedwa.

"Dignify" ndiye amasocheretsa ambiri, pakuti kawirikawiri amanena za kupatsa chinthu ulemu umene sichiyenera. Nduna ikanena kuti siichita "dignify" funso la mtolankhani poliyankha, ikutanthauza kuti funsolo ndi lachabechabe, ndipo womasulira amene walemba kuti ndunayo yakana kulemekeza mtolankhani wasintha nkhani yonse.

Ine wanu,
Wowerenga nyuzipepala yanu