Liwu lakuti pants likusokoneza ana athu

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa liwu limodzi lachingelezi lomwe ambirife timaliona ngati losavuta koma likusokoneza anthu kwambiri, liwu lake ndi pants. Ife tinalitenga nkulisandutsa panti, kachovala kamkati kaja, ndiye mwana akamva munthu wa ku America mufilimu akuyamikira mnzake kuti pants yake ndiyokongola amangoti kukamwa yasa, eti akuluakulu akukamba zamkati pagulu. Ayi ndithu, ku America pants ndi thalauza basi, chamkaticho amati underwear kapena underpants. Ku Britain ndi komwe pants ndi chovala chamkati ndipo thalauza amati trousers, ngakhale kumpoto kwa England ena thalauzayo amaitchulanso pants yomweyo.

Liwuli ndi chidule cha pantaloons, lomwe linachokera pa dzina la Pantalone, nkhalamba yaumbombo ya ku Venice m'masewero akale a ku Italy yomwe inkavala buluku wothina wofiira. A ku Britain amathanso kunena kuti chinthu ndi pants kutanthauza kuti nchachabechabe, apa za zovala palibepo nkomwe.

Chomwe chimandiwawa nchakuti aphunzitsi ena amamuthetha mwana kuti walakwa pomwe iye wangotsata chingelezi chinacho chomwe amachimva pa foni tsiku ndi tsiku. Muuzeni kaye kuti matanthauzo alipo awiri, asankhe limodzi alitsate mpaka nkhani yake ithe. Komanso s yakumapetoyo sachotsa, chovala chikhale chimodzi amanenabe kuti a pair of pants.

Ine wanu,
Kholo lokonda zilankhulo