Ndinayenda wapansi kuchoka ku Bembeke mpaka ku Mua, makala athu ndaona komwe amachokera

A Mkonzi,

Ndipatseniko kadanga mu nyuzi yathuyi ndifotokoze za ulendo umene ndinayenda mu Julaye ndi anzanga awiri akuntchito, wapansi tsiku lathunthu kuchoka ku Bembeke kutsetsereka mpaka ku Mua m'boma la Dedza. Chibwerereni ku Lilongwe kuno mtima sukukhala m'malo, nde ndati bola ndilembe ena amveko.

Tinagona ku Bembeke konko kwa achibale a mnzathu wina, kuti tilawire. Amene munafikako mukudziwa kuzizira kwa kumeneko mwezi umenewu, 6 koloko m'mawa nkhungu ili tolo, zala zosagwira ngakhale zipi ya chikwama, phiri la Dedza lija lomwe ndi lotalika mamita 2,198 osaoneka n'komwe. Tinapeza mnyamata wa m'mudzi momwemo kuti atitsogolere chifukwa tinjira ta kumeneko n'tambirimbiri, tina topita kumadimba tina kumanda tina kumudzi wina, palibe chikwangwani olo chimodzi, nde ukati udalire mapu a pafoni netiweki imakuthawa ukangoyamba kutsika. Iye anangovala ma silipasi ndi juzi, m'manja botolo la thobwa basi.

Maola awiri oyamba tinkadutsa m'minda ndi m'madimba. Ku Bembeke anthu amalimbika a Mkonzi, nthawi yomwe ife mtauni timakhala tili mu bulangete iwo ali kale ndi ma keni kuthirira kabichi, matimati, anyezi, ndi kachewere uja timadya pa chiwaya tsiku ndi tsiku osaganizako komwe wachokera. Pa dimba lina tinapeza agogo ena aakazi akukumba kachewere ndi adzukulu awo, titapereka moni anaweramuka n'kutiyang'ana kuyambira nsapato mpaka zikwama, kenako akuti, kwagwanji ana anga, kuli zovuta kumusiko? Tinati ayi agogo kuli bwino, tikungoyenda kuona dziko. Anakhala kaye chete, akuti mpaka ku Mua wapansi popanda odwala popanda maliro? Anatuma kamdzukulu kukatenga kapoto komwe kanali pamoto m'mbali mwa dimba, kachewere wophika ndi makoko omwe, mchere uli pa kapepala, tinadya chiimire manja akutenthedwa, ndipo pomwe tinati tiwapatseko kenakake anakana kwamtuwagalu akuti mlendo salipira chakudya cha panjira. Funso lawo lija linandikhala mumtima ulendo wonse, chifukwa kwa iwo njira imeneyi munthu amaiyenda pakakhala chifukwa, kuperekeza wodwala kuchipatala, kukagulitsa mbewu, kukapepesa maliro. Ife timati zoyenda m'mapiri n'za azungu, chonsecho anthu akumudzi akhala akuyenda njira zomwezi kuyambira makolo, katundu ali pamutu.

Cha m'ma 9 koloko nkhungu inayera titafika pomwe mtunda umathera n'kuyamba chitsetse. Apa ndilibe mawu okwanira. Kutsogolo kwathu chigwa chonse cha ku Mtakataka ndi Golomoti chili yalaa, ndipo kutali uko nyanja ikunyezimira ngati lata latsopano. Ndakwera minibasi kambirimbiri pa msewu wa Khwekhwelere uja wotsikira ku Golomoti koma pawindo umangoona mothamanga uku ukupemphera mabuleki agwire, pomwe wapansi umaima mmene ukufunira, kumva mphepo ikusintha, juzi n'kuvula. Kuchoka pamwambapo kufika ku Mua munthu umatsika pafupifupi mamita 1,000 ndipo thupi limadziwa lokha, maondo amayamba kunjenjemera.

Titalowa m'nkhalango ya Mua-Livulezi poyamba zinali bwino zedi. Mitengo ya mombo, misuku, nsungwi zambiri m'makwawa, timitsinje ta madzi ozizira oyera bwino, anyani akukuwa patsidya. Mnyamata uja amatchula mtengo uliwonse ndi ntchito yake, uwu khungwa lake ndi luzi, uwu ndi wa mipini, uwu mizu yake amamwetsa mwana akatsegula m'mimba, apa nthawi ya dzinja pamamera bowa wambiri. Zinthu zoti ine ndi sukulu yanga yonse sindimazidziwa.

Koma titayenda ngati ola limodzi fungo linasintha, utsi. Tinatulukira pamalo poti mbali yonse ya phiri ndi zitsa zokhazokha, zina zodula dzulodzulo utomoni ukadali kutuluka, pakati pake pali uvuni wa makala wautali ngati nyumba yogwa, wokwiriridwa ndi dothi ndi udzu, utsi ukutuluka m'timabowo m'mbali. Pafupi pake mauvuni ena awiri ophula kale, dothi lake lakuda lopsa loti sipameranso kanthu msanga. Chomwe chinandiwawa kwambiri ndi misuku, mtengo woti chaka chilichonse cha m'ma Novembala umadyetsa ana ndipo amayi amagulitsa masuku ake m'mabeseni m'mbali mwa msewu wa M1, nawonso wagwetsedwa kuti ukhale makala a masiku ochepa pa mbaula. Mwini uvuni anatiwona patali n'kubisala poganiza kuti ndife a zankhalango, mpaka mnyamata wathu anakuwa kuti ndi alendo chabe. Anatuluka bambo wamkulu ndithu, maso ofiira ndi utsi, akutsokomola, manja ong'aluka. Sindinawadzudzule a Mkonzi, ndikanayambira pati? Anatiuza kuti amagona konko usiku kulondera uvuni chifukwa ukangoboola mphepo n'kulowa yambiri mitengo yonse imasanduka phulusa, ntchito ya masabata n'kupita pachabe, ndipo ndalama yeniyeni amadyerapo ndi a malole ndi ogulitsa mtauni, iwo amangopeza ya chimanga ndi sopo.

Ine pakhomo panga thumba la makala silisowa. Magetsi akathima, kapena mayunitsi akatsala pang'ono, timayatsa mbaula, nyemba ndiye sitiphikira n'komwe pa kuka. Ndipo pogula ndimachita kusankha, ndimafuna makala olemera aja olira ngati chitsulo ukawagwetsa, osati opepuka a bulugamu, osadziwa kuti olemerawo ndi mitengo yachilengedwe yomwe ndinaiona zitsa zake tsiku limenelo, yomwe imatenga zaka makumi kuti ikule. Lamulo la zankhalango analikhwimitsa mu 2020, zilango zinakwera, pa ma rodibuloko amalanda matumba, koma bola ife a mtauni tikufunabe makala tsiku lililonse munthu wina adzakwerabe phiri ndi nkhwangwa. Timakonda kuloza chala anthu akumudzi kuti akutha mitengo pomwe msika wake ndife.

Ndipo zotsatira zake sizichedwa. Kumusi kwa malo odulidwawo kamtsinje komwe timadutsa kanali kodzadza mchenga ndi miyala, madzi akungoyenda pang'ono pakati, mnyamata uja akuti ali mwana ankasambira pamenepo mpaka mu Okutobala koma pano mvula ikagwa madzi amabwera nthawi imodzi ofiira ndi dothi, kukokolola minda kumusi, kenako kuphwa. Madzi omwewo ndi amene amathera m'nyanja, nyanja n'kutulukira mu Shire komwe kuli makina a magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, nde matope akachuluka magetsi avuta, ife tibwerera pa mbaula.

Tinafika ku Mua cha m'ma 3 koloko masana, kukutentha, milambe ili ponseponse, zoti m'mawa tinali kunjenjemera ndi chisanu ngati dziko lina. Tinaviika mapazi mu mtsinje wa Nadzipokwe, matuza awiri kuphazi lamanzere koma mtima uli mbee. Mishoni ya Mua inayamba mu 1902 ndi ansembe a White Fathers, ndipo pomwepo pali Kungoni yomwe anayambitsa bambo Claude Boucher mu 1976, kuli osema ziboliboli komanso nyumba yosungiramo za chikhalidwe cha Achewa, Angoni ndi Ayao, zigoba za gule wamkulu mazanamazana. Ana athu ambiri a mtauni sanapondeko, ena sadziwa n'komwe kuti kuli malo otere.

Pomulipira mnyamata uja ananena mawu amene andipangitsa kulemba kalatayi. Akuti ndalama ya tsiku limodzi lotiperekeza ikuposa yomwe amapeza akathandiza kunyamula matumba a makala masiku angapo, ndipo kukanakhala kuti alendo amabwera pafupipafupi iye ndi anzake sakanalola munthu kudula mitengo ya m'njira imeneyi chifukwa ndi imene alendo amadzaona. Nde pempho langa kwa magulu a achinyamata a m'mipingo, ma kalabu a zachilengedwe m'sukulu, ngakhale anzathu a m'maofesi amene Loweruka lililonse amazungulira mu tauni kuchita majowajowa, tatulukani mukayende kumudzi tsiku limodzi, mutenge wokutsogolerani wa komweko ndipo mumulipire bwino osamunyengerera ndi fanta, mugule nthochi ndi thobwa m'midzi yomwe mukudutsa, mudzere kwa amfumu kupereka moni, mabotolo ndi majumbo anu mubwerere nawo. A khonsolo ndi mafumu atathandizana kuika tizikwangwani ndi kulemba maina a anyamata ndi atsikana odziwa njira, zingathandize kwambiri.

Kunyumba kwanga tayamba kusunga ndalama ya silinda ya gasi, ndipo pakadali pano tagula mbaula ija yosatha makala ambiri. Mu Novembala tikubwereranso njira yomweyo, ulendo uno tilipo asanu ndi atatu, ndipo agogo a pa dimba aja ndawasungira paketi ya shuga ndi chitenje.

Wowerenga wanu,
Area 25, Lilongwe