Nthutumba ya pa Khirisimasi yatidanitsa, ndipitenso kumudzi chaka chino?

Okondedwa Alangizi,

Ndine mayi wa zaka 41, ndili pabanja ndipo ndili ndi ana atatu. Ndimasoka zovala ku Area 25 mu Lilongwe, koma kwathu ndi ku Dedza, mbali ya Linthipe. Tinabadwa atatu: achemwali anga omwe ali kumudzi konko, ine, ndi mlongo wathu wamng'ono yemwe anapita ku Joni mu 2015. Bambo anatisiya mu 2019. Disembala wayandikira ndipo tulo sindikupeza, n'chifukwa chake ndati ndikulembereni.

Bambo ali moyo, Khirisimasi kwathu inalibe nkhani. M'mawa kutchalitchi kukaonera ana a Sande Sukulu akuchita sewero la kubadwa kwa Yesu, masana mpunga ndi nkhuku, thobwa, Sobo, ana aliyense Fanta wake. Amuna ankadyera pakhonde, ife amayi pamphasa kuseri kwa khitchini. Nthutumba inkapita m'mbale ya bambo, panalibe wofunsa.

Zinasokonekera mu 2023. Mlongo wathuyo anabwera pa basi ija yodutsa ku Beitbridge ndi ku Tete, atasenza katundu wosaneneka: TV, sola, mipando ya pulasitiki, ndi tebulo lopinda. Mukukumbukira kuti mu Novembala chaka chimenecho kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, ndiye ma randi ake anatupa, mwiniwake naye anatupa nawo. Anagula mbuzi, kuwonjezera pa nkhuku. Kenako anati zodya padera amuna ndi akazi n'zachikale, lero tonse tikhale patebulo limodzi ngati anthu otsogola. Ine ndinaona ngati n'zabwino. Sindinaganize kuti tebulo limodzi limatanthauza kuti aliyense aziona zomwe zagwera m'mbale ya mnzake.

Amayi pogawa ndiwo anatenga nthutumba n'kuika m'mbale ya mwana wawo wa ku Joni. Alamu anga, amuna a achemwali, anali atakhala moyang'anana naye. Bambo amenewa ndi mkamwini pakhomo pathu kwa zaka zoposa 20. Ndiwo amagalauza munda wa amayi, ndiwo amafolera nyumba ikadontha, ndiwonso amawakweza panjinga mwezi ndi mwezi kukatenga mankhwala a BP. Sananene kanthu. Anangosamba m'manja n'kunyamuka, mpunga osaukhudza.

Achemwali ndiwo anayamba: "Amayi, ndiye kuti wolima ndi wina, wodya nthutumba ndi wina?" Mlongo wathu anali atalawako kale, ndiye anayankha kuti feteleza wothira m'munda umenewo amatumizira ndalama ndi iyeyo pa Mukuru, ndipo popeza nkhani yayambika, akufuna dimba la kumtsinje aikeko pampu ya sola azilima kachewere ndi tomato. Apo ndiye moto unabuka. Achemwali anati kwathu malo ndi a mbumba, amayenda kuchokera kwa amayi kupita kwa ana aakazi, ndipo mwamuna munda wake amakaupeza kwa mkazi wake.

Kunena zoona, Alangizi, mlongo wathuyu ndimamumvera chisoni pena. Anakwatira kumpoto, analowola, ndipo kumeneko mkazi ndi amene amatsata mwamuna. Kuchikazi alibe munda, kwawo akumuuza kuti alibe munda. Nanga mapepala akadzamuvuta ku Joni, adzafikira kuti? Koma mmene anailankhulira, pamaso pa ana ndi pamaso pa mkazi wake, zinali ngati akugula dimbalo ndi mbuzi ija.

Inenso sindine woyera. M'malo mozimitsa, ndinathira palafini. Ndinati nonsenu mukuiwala kuti amayi atagonekedwa m'chipatala kuno ku Lilongwe, amene ankagona pansi pa bedi ndi kugula mankhwala ndine. Amayi anangodzuka n'kulowa m'nyumba. Mvula inayamba, mipando ya pulasitiki inanyowa panja, ndipo mpunga umene ndinaudzukira 4 koloko m'mawa unadyedwa ndi nkhuku zapabwalo.

Chaka chotsatira ndinati ndichenjere. Ndikuphika ndinachotsa nthutumba n'kupatsa ana awiri kukhitchini kuti agawane. Tili patebulo amayi anavundula mumphika, kuvundulanso, n'kufunsa kuti, "Kodi nkhuku imeneyi inalibe nthutumba?" Achemwali anaganiza kuti ndasungira mlongo wathu, iye anaganiza kuti ndasungira alamu. Tisanamalize n'komwe kudya, za dimba zinali zitabwerera, pamodzi ndi zina zakalekale: amene analipiriridwa sukulu ya sekondale, amene anasiyira Sitandade 8 kuti azilera anzake, amene sanasonkhe pomanga chiliza cha bambo.

Ana anga amakonda timasewero toseketsa ta ku America pa GOtv. Ikafika nyengo ino amaonetsa mabanja akukangana patebulo, nkhukundembo yapserera, wina waulula chinsinsi, ndipo anthu osaoneka akungoseka kumbuyo. Theka la ola lisanathe onse akumbatirana. Tikubwerera pa minibasi, mwana wanga wamkazi wa zaka 14 anati, "Amama, ifenso tili ngati a pa TV aja, kungoti kwathu palibe akuseka." Mawu amenewo anandilasa. Mwanayu ndi asuweni ake anali pa ubale wa ponda apa nane ndipondepo, koma lero amaopa ngakhale kupatsana moni pa WhatsApp chifukwa sadziwa kuti makolo awo ali mbali iti.

Tsono chimene chandilembetsa kalatayi ndi ichi. Mu Okutobala amayi anabwera kuno kudzaonana ndi dokotala. Usiku wina tili awiri anandiuza kuti mumtima mwawo dimbalo ndi la achemwali, monga mmene iwonso analilandirira kwa amayi awo. Nthutumba ija akuti anampatsa mwanayo chifukwa ndi mlendo wa kamodzi pachaka, komanso akamuyang'ana amaona nkhope ya bambo. Sankaganiza za munda ayi. Koma akuopa kumuuza okha, akuti angakwiye n'kusiya kutumiza ndalama, kapena osadzabweranso mpaka pamaliro awo. Ndiye andipempha kuti pa Khirisimasi ino, tonse titakhala pansi, ndidzanene ndine.

Ndinavomera pakamwa chabe chifukwa sindikanatha kuwakanira akulira. Koma ndikudziwa mmene zidzathere. Mlongo wanga adzati ndawanyengerera amayi ali kwanga. Achemwali adzasangalala tsiku limodzi, kenako adzafunsa chifukwa chake amayi anauza ine osati iwo amene amawatungira madzi tsiku ndi tsiku.

Mwinimbumba wathu alipo, amalume, alongo awo a amayi. Nkhani ya malo ndi yawo imeneyi, osati yanga. Koma kawiri konse ndawaimbira foni amangoti chibale ndi fupa sichiola, muzimvana ana inu, n'kudula. Ena akuti mlongo wathu anawagulira foni yomwe amandiyankhirayo. Kwa amfumu sindikufuna kufikako msanga, chifukwa ikangofika kubwalo mudzi wonse udziwa, ndipo amayi ndi munthu wamanyazi.

Amuna anga atopa nazo. Akuti chaka chino tikhale konkuno, tigule nkhuku yathu, ana adye mwamtendere, kumudzi tingotumiza ndalama pa Airtel Money. Mtima wina ukuvomereza. Koma amayi ali ndi zaka 74 ndipo BP yawo siikutsika. Ndikapanda kupita, n'kudzapezeka kuti imeneyi inali Khirisimasi yawo yomaliza, ndidzadzikhululukira bwanji?

Ndithandizeni, Alangizi. Ndipite kapena ndikhale? Ndikapita, ndinene zimene amayi andituma, kapena ndiwabwezere mawu awo kuti anene okha amalume alipo? Ndaganizapo zoti tikumane pa 27, mowa utatha m'mitu ndipo ana atapita kosewera, koma mlongo wathu amanyamuka msanga kubwerera ku Joni ndipo amalume sindikudziwa kuti ndingawakoke bwanji. Komanso alamu anga aja, amene mpaka lero palibe anawapepesa, ndiyambe ndine kapena ndi udindo wa amayi?

Nkhuku ya chaka chino achemwali aisankha kale, akuti ndi tambala wamkulu. Nthutumba yake ndi imodzi basi.

Ine Wothedwa Nzeru,
Area 25, Lilongwe