Lipoti la msonkhano wa ojambula: za kupatula thambo pa chithunzi

A Tcheyamani, akuluakulu a komiti ndi anzanga nonse ojambula a muno mu Blantyre,

Ndabwerako ku Lilongwe komwe munandituma. Msonkhano unali wa masiku awiri ndipo ndinakhalapo kuyambira pemphero lotsegulira mpaka lotsekera. Malisiti a basi ndi a malo ogona ali kwa msungichuma. Amene akufuna kuwaona apite akaone, chifukwa ndamva kale manong'onong'o akuti alawansi inachuluka. Yomwe inatsala ndinagulira bandulo yotsitsira mapulogalamu omwe ndakubweretserani pa fulashi.

M'mawa wa tsiku loyamba kunali malonje ndi zolankhula za alendo, kenako nkhani ya kulembetsa bizinesi ndi misonkho. Mapepala ake ndabwera nawo. Chomwe chinandigwira mtima chinayamba titadya nkhomaliro, pamene tinakhala pa makompyuta kuyesa njira zopatulira thambo pa chithunzi pogwiritsa ntchito mask. Kwa achinyamata omwe angolowa kumene m'gulu: mask ili ngati chophimba, pomwe payera ndi pomwe kusintha kwako kumagwira, pomwe pada sipakhudzidwa. Ukapatula thambo bwino ukhoza kulidetsa pang'ono kuti mitambo ioneke popanda kudetsa nkhope ya mkwatibwi, kapena kulichotseratu n'kuikapo lina.

Anatiuza kuti aliyense ayesere pa zithunzi zake, ndipo ine ndinatenga zitatu za kwathu kuno. Choyamba chinali cha ukwati panja pa tchalitchi cha St Michael and All Angels, chomwe ndinajambula mu Julaye kuli chiperoni, kumwamba kuli mbuu ngati ufa. Chachiwiri, mtengo wa jacaranda uli ndi maluwa mu Okutobala. Chachitatu, nyumba za ku Ndirande, mawaya a magetsi atapingasana pamwamba, phiri likuoneka mwa chizimezime chifukwa cha utsi ndi fumbi la m'chilimwe.

Tinayamba ndi njira zongodina kamodzi. Luminar 4 ya kampani ya Skylum inabwera ndi njira yosinthira thambo mu 2019, Photoshop inatsatira ndi Sky Replacement mu 2020, ndipo Lightroom inaika Select Sky mu 2021. Pa tchalitchi paja sindinama, ndinachita kakasi. Nsanja za njerwa zija, ndi timakona take tonse, Photoshop inazidula mwaukhondo m'kanthawi kochepa, ntchito yomwe kale ndinkaswera nayo madzulo onse. Koma nditakulitsa chithunzi kufika pa 100%, vuto linaoneka pa velo ya mkwatibwi. Velo imaonekera kuseri, ndiye kunja kwake kunali thambo latsopano lobiriwira, mkati mwake muli thambo lakale loyera lija. Tinasuntha Shift Edge ndi Fade Edge, zida zokonzera m'mphepete mwa thambo, zinachepako, koma sizinatheretu. Chinanso, pulogalamuyi imapaka mtundu wa thambo latsopano pa anthu ali pansi. Titasankha thambo la dzuwa likulowa, nkhope ya mkwati inafiira ngati wayandikira ng'anjo. Khungu lathuli silifuna kuseweretsa choncho, ndipo kasitomala amayamba wayang'ana nkhope asanaone mitambo.

Pa jacaranda m'pamene njira iliyonse inaonetsa mphamvu zake zenizeni. Yongodina ija inasiya timabowo toyera pakati pa nthambi, ndi kamzere kowala kozungulira mtengo wonse. Yosankha potsata mtundu, Color Range, inatenga thambo pamodzi ndi maluwa omwe, poti mtundu wa maluwawo uli pafupi ndi wa thambo. Pa chithunzi cha Ndirande njira ya mtunduyi inatenganso malata a buluu kuwayesa kumwamba. Apa Select Sky inachita bwino, malata inawasiya, koma mawaya inawadula m'malo ena, ndipo inadya nsonga ya phiri pomwe utsi unachuluka.

Tsiku lachiwiri mayi wina wojambula wa ku Mzuzu anationetsa njira yakale ya ma channel, ndipo kwa ine ulendo wonse unapindulira pamenepa. Chithunzi chilichonse chili ndi zigawo zitatu, Red, Green ndi Blue. Kawirikawiri mu Blue thambo limawala, pansi pamada. Umakopera chigawo chimenecho, n'kuchikankha ndi Levels, chida chosinthira kuwala ndi mdima, mpaka thambo liyere mbee, pansi pade bii, kenako potsala umakonza ndi burashi. Mask yotere imachokera m'chithunzi momwemo, choncho kanthambi kalikonse ndi waya aliyense amatsala momwe kamera inamuonera. Pa jacaranda Blue inakanika chifukwa maluwa nawonso amawala m'menemo. Mayiwo anangoti, "Tayesani Green, achimwene." Nditayesa, maluwa anada, thambo linatsala lowala, mtengo wonse unaima bwinobwino. Zinanditengera nthawi yotalikirapo kuposa kungodina, koma chithunzi chimenecho ndikhoza kuchitsukitsa chachikulu n'kuchipachika popanda manyazi.

Anatikumbutsanso chifukwa chomwe thambo limatuluka mizeremizere ukalikoka kwambiri. JPEG ili ndi masitepe 256 okha a kuwala pa chigawo chilichonse, pamene RAW, fayilo yosakonzedwa yochokera m'kamera, m'makamera ambiri imasunga 12 kapena 14 bit, kutanthauza masitepe zikwizikwi. Chithunzi chomwe chadutsa kale pa WhatsApp ndiye musavutike nacho, m'mphepete mwa zinthu mumakhala mutaphwanyika kale.

Za ma drone ndi za inshulansi ya zipangizo anakambanso, mwachidule.

Msonkhano unagwirizana kuti gulu lililonse liyesetse kulipira Photoshop ndi Lightroom zovomerezeka. Ndinakweza dzanja kutsutsa ndipo ndikutsutsabe. Sikuti ndikulimbikitsa mapulogalamu akuba, amenewo atiphera makompyuta okwanira. Koma Adobe, eni ake a Photoshop ndi Lightroom, salola kugula kamodzi, umalipirabe nthawi zonse, ndiponso ndi ndalama zakunja. Tonse tikukumbukira mmene kwacha inagwera ndi 44% mu Novembala 2023, ndi mmene mitengo ya inki ndi mapepala inakwerera pambuyo pake. Njira ya ma channel imatheka mu GIMP, yomwe ndi yaulere, ndipo darktable, yaulerenso, imatsegula RAW n'kupatula thambo potsata kuwala ndi mtundu. Tiyambe taphunzira zimenezi. Amene maoda ake ndi ambiri moti liwiro limubwezera ndalama yake, alipire yekha.

Ndipo tisanakambe zotulutsa ndalama ina m'thumba la gulu, a Tcheyamani, nkhani ya laputopu ithe kaye. Tinasonkha tonse, tinagwirizana kuti izikhala pa ofesi, koma miyezi yapitapo ili kunyumba kwa munthu mmodzi. Ndinaipempha kuti ndipite nayo ku msonkhanowu, ndinauzidwa kuti ili ndi ntchito. Ndinachita kubwereka ya mlamu wanga, ndipo pomwe anzathu amayesa zithunzi zitatu ine ndinali ndikudikira kuti chimodzi chitseguke. Ngati tilipira pulogalamu n'kuiika pa laputopu yomweyo, ndiye kuti tonse tikulipirira bizinesi ya munthu mmodzi.

Mfundo yachiwiri ya msonkhano ndinaivomera ndi mtima wonse: ukasintha thambo, kasitomala adziwe, ndipo pa chithunzi cha nkhani usasinthe n'komwe. Mpikisano wa World Press Photo salola kuonjezera kapena kuchotsa chinthu m'chithunzi, ndipo ife amene timagulitsa zithunzi ku nyuzipepala ndi ku mabungwe tiyende momwemo. Ena mwa ife tinajambula ku Chilobwe ndi m'munsi mwa Soche namondwe Freddy atagumula phiri mu Malichi 2023. Zithunzi zimene zija ndi umboni wa anthu omwe anataya abale awo. Kuikapo mitambo yakuda yobwereka kuti zichititse mantha kwambiri ndi kunama pa maliro.

Ngakhale pa ukwati tisamale. Ndaonapo chithunzi cha mmodzi mwa ife, chojambulidwa m'tauni, dzuwa likulowa kuseri kwa Ndirande, chonsecho mithunzi ili pansi pa mapazi, kusonyeza masana. Wobadwira muno amadziwa kuti ukaima m'tauni dzuwa limalowera mbali ya Michiru. Mitambo yomwe imabwera m'mapulogalamuwa si yakuno. Mvula ikayamba mu Novembala kumwamba kwa Blantyre kumakongola mokwanira, choncho aliyense azijambula thambo lokha, m'mawa, masana ndi madzulo, tisonkhanitse nkhokwe yathuyathu.

Ndikupemphanso kuti kukonza thambo kukhale ndi mtengo wake wapadera pa mndandanda wa mitengo ya gulu. Amene akumachitira makasitomala ulere kuti alande maoda akutipweteka tonse, ndipo nkhaniyi ndinaitchula kale pa mkumano wathawu osayankhidwa.

Loweruka tonse timakhala ku maukwati, ndiye ndikupempha tikumane Lachiwiri madzulo pa ofesi. Ndidzabwera ndi fulashi ndi zithunzi zitatu zija, aliyense adzayese Blue ndi Green ndi manja ake. Laputopu ya gulu idzakhale ilipo.